Kachisi wa Dothi wa ku Tolpuddle

Tolpuddle ndi mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Dorset, kummwera kwa England, m'mbali mwa mtsinje wa Piddle, pamtunda wa makilomita pafupifupi 11 kum'mawa kwa tauni ya Dorchester. M'mphepete mwa msewu wodutsa pakati pa mudziwu muli akachisi awiri a mpingo wa Methodist. Wina anamangidwa mu 1862, ndipo ndi amene akhristu akhala akupempheramo kuchokera nthawi imeneyo. Winayo ndi wakale, wa makoma a dothi, womangidwa mu 1818 ndi manja a anthu olima m'minda ya eni chuma. Mbiri ya mpingo wa m'mudzimu yagona kwambiri pa kachisi wakaleyu, pakuti mwa anthu ake ndi mmene munachokera amuna amene boma la Britain linawathamangitsira ku Australia mu 1834 chifukwa choyambitsa bungwe la antchito a m'minda.

Mpingo wa Methodist unayamba ndi John Wesley, wansembe wa mpingo wa Anglican, amene anabadwa mu 1703 ndi kumwalira mu 1791. Mu 1739 Wesley anayamba kulalikira pamtetete ku Bristol, kutsata anthu amene sankaponda m'tchalitchi, monga okumba malasha a ku Kingswood. Analibe maganizo oyambitsa mpingo wina, ndipo anamwalira adakali wansembe wa Anglican. Omutsatira anadzaima paokha iye atatsikira kulichete. Chachikulu chimene anawasiyira ndi dongosolo loti anthu wamba azitha kuyendetsa okha moyo wa chikhristu, mbusa alipo kaya palibe.

Phata la dongosololi linali kalasi. Mu 1742, akhristu a ku Bristol, pofuna kubweza ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo, anagawana m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, aliyense nkumasonkha kobiri limodzi pamlungu kudzera mwa mtsogoleri wa kagulu kake. Posakhalitsa Wesley anaona kuti wotolera makobiriyo ndiye amadziwa bwino amene akudwala, amene wabwerera ku mowa, amene akumenya mkazi wake. Kagulu kotolera ndalama kaja kanasanduka msonkhano wa mlungu ndi mlungu, wofanana ndi mphakati kapena mlaga, pomwe munthu aliyense amafunsidwa za moyo wake wauzimu ndipo amayenera kuyankha ndi pakamwa pake anzake akumva. Pa miyezi itatu iliyonse membala wokhulupirika ankalandira tikiti yatsopano. Akachisi angapo oyandikana ankapanga dera limodzi, lomwe mbusa mmodzi kapena awiri ankaliyendera mozungulira. Popeza mbusa sakanatha kupezeka paliponse, Lamulungu zambiri paguwa pankaima alaliki a m'mudzi momwemo, anthu osalipidwa, amene mkati mwa mlungu anali osula, osoka nsapato kapena olima. Ankatsata ndondomeko yolembedwa yosonyeza kachisi amene aliyense akalalikireko, ndipo ankayenda pansi mitunda yaitali kuti akafikeko.

Kuti dongosolo lotereli limveke kulemera kwake, m'pofunika kudziwa mmene mudzi wa ku Dorset unkakhalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nthaka inali ya mabanja ochepa. Pansi pa iwo panali alimi obwereka minda ikuluikulu, ndipo pansi penipeni panali antchito, opanda kachigawo ka nthaka kakutikakuti, amene ngakhale nyumba zogonamo kawirikawiri zinali za owalemba ntchito. Mwini malo nthawi zambiri ndiye analinso woweruza milandu wa m'deralo, ndipo ansembe ambiri a Anglican ankakhala nawo pa mpando womwewo. Thandizo la amphawi linkaperekedwa kudzera ku parishi. M'tchalitchi cha parishi anthu ankakhala motsata maudindo awo, olemera kutsogolo, antchito kumbuyo. Motero wantchito amene wasiya tchalitchi nkumakapemphera ndi a Methodist ankadziwa kuti akuika pachiswe ntchito yake, denga lake, ndi thandizo limene angadzalifune pa nthawi ya njala. Lamulo linkalola kupemphera kunja kwa mpingo wa boma wa Anglican kuyambira mu 1689, koma nyumba yopemphereramoyo inkayenera kulembetsedwa. Mu 1811 Lord Sidmouth anayesa kubweretsa lamulo lopanikiza alaliki osaphunzira. A Methodist ndi mipingo ina anasonkhanitsa madandaulo ochuluka mpaka maganizowo anagwa, ndipo chaka chotsatira kunabwera lamulo lopatsa alaliki ufulu wokulirapo.

Ku Tolpuddle, monga m'midzi yambiri, a Methodist anayamba ndi kusonkhana m'nyumba za anthu. Mabanja awiri ndiwo anali nsanamira: la Loveless ndi la Standfield, omwe analinso pachibale, pakuti Thomas Standfield anakwatira mlongo wa George ndi James Loveless. Mu 1818 anapeza malo obwereka pafupi ndi nyumba ya a Standfield nkumangapo kachisi. Maziko anali a miyala ndi njerwa, makoma a dothi loponda losakaniza ndi udzu, mamangidwe a nyumba za anthu osauka a m'chigawocho. George Loveless ndi Thomas Standfield anali m'gulu la osunga chuma cha kachisiyo. Zimenezi si zazing'ono: anthu amene analibe ulamuliro ngakhale pa nyumba zimene ankagonamo tsopano anali ndi chinyumba chimene makiyi ake, ngongole zake ndi mabuku ake zinali m'manja mwawo.

Kachisiyo anatsegulidwa mu Okutobala 1818, ndipo tsikulo linatha ndi chipwirikiti. Khamu la anthu linasonkhana panja pa nthawi ya mapemphero a madzulo, ndipo abusa ndi alendo atanyamuka kubwerera kwawo, anawalondola nkumawagenda ndi miyala ndi matope. Mpingo unapitirira kusonkhana ngakhale zinali choncho.

George Loveless, amene anabadwa mu 1797, anali wolima ndi pulawo. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba mwa khama lake, akaweruka kumunda, ndipo anadzakhala mlaliki wa m'dera. Mng'ono wake James nayenso ankalalikira. Munthu wokonzekera ulaliki mlungu ndi mlungu amazolowera kuwerenga mosamala, kusanja mfundo, ndi kuima pamaso pa anthu osanjenjemera. Mtsogoleri wa kalasi amazolowera kulemba maina, kusunga ndalama za anzake ndi kufotokoza mmene zayendera. Panalibe sukulu ina m'mudzimo imene ikanaphunzitsa wantchito zinthu zimenezi, ndipo eni minda sankafuna nkomwe kuti azidziwe. Pamwamba pa luso, kachisi ankaphunzitsa chinthu china chozama: kuti wolima ndi mwini munda adzaima pamaso pa Woweruza mmodzi, ndipo kuti kumana wantchito malipiro ake ndi tchimo limene aneneri analidzudzula poyera.

Chaka cha 1830 chinali cha moto kummwera kwa England. Antchito a m'minda, atatopa ndi njala ndi makina opunthira tirigu amene ankawalanda ntchito ya m'nyengo yozizira, anaphwanya makina ndi kutentha milu ya udzu wa ziweto. Boma linayankha ndi dzanja lolemera: anthu 19 ananyongedwa ndipo pafupifupi 500 anatumizidwa ku Australia. Mmodzi mwa oweruza amene anachita khama kuthana ndi zipolowezo ku Dorset anali James Frampton wa ku Moreton, mwini malo wa pafupi ndi Tolpuddle. Antchito a ku Tolpuddle anasankha njira ya kukambirana. Motsogozedwa ndi George Loveless, anakumana ndi alimi, ndipo anagwirizana kuti azilipidwa monga anzawo a m'midzi yoyandikana, kumene malipiro anali masheleni 10 pamlungu. Malinga ndi zimene Loveless analemba pambuyo pake, wansembe wa parishi, Thomas Warren, analonjeza kukhala mboni ya panganolo, koma nkhani itafika kwa oweruza anakana kuti sanalonjezepo kanthu. Malipiro anakhala masheleni 9, kenako anatsika kufika pa 8, kenako 7, ndipo kunamveka kuti atsikanso kufika pa 6. Ndalama zimenezi sizinkakwanira kugula ngakhale buledi wa banja la ana angapo.

Mabungwe a antchito anali ololedwa kuyambira mu 1824, pamene malamulo owaletsa anachotsedwa. Mu Okutobala 1833 amuna a ku Tolpuddle anayambitsa lawo, lotchedwa Friendly Society of Agricultural Labourers. Polowa munthu ankalipira sheleni imodzi, kenako kobiri limodzi pamlungu, chopereka chofanana ndendende ndi cha ku kalasi. Malamulo a bungwelo ankaletsa chiwawa ndi kutukwana pamisonkhano. Ankakumana m'chipinda cham'mwamba m'nyumba ya Thomas Standfield. Monga mabungwe ena a masiku amenewo, anali ndi mwambo wolandirira munthu watsopano: ankamumanga kumaso, kumuonetsa chithunzi cha mafupa a munthu chomukumbutsa za imfa, ndi kumulumbiritsa kuti adzasunga chinsinsi. Chinsinsicho chinali chodzitetezera, pakuti mlimi akadziwa dzina la membala, mawa lake ntchito inkatha.

Lumbirolo ndi limene adani awo anagwirapo. Frampton analembera Lord Melbourne, nduna yoona za m'dziko, ndipo anapeza lamulo la mu 1797 loletsa malumbiro achinsinsi, limene linapangidwa pa nthawi imene asilikali a pamadzi anaukira akuluakulu awo. Wantchito wina, Edward Legg, amene analumbiritsidwa mu Disembala 1833, ndiye anadzakhala mboni ya boma. Pa 22 Febuluwale 1834 oweruza anapachika chenjezo m'deralo. Patangopita masiku awiri, m'mawa wa pa 24 Febuluwale, wapolisi wa m'mudzi anagwira amuna asanu ndi mmodzi nkuyenda nawo pansi mpaka ku Dorchester: George ndi James Loveless, Thomas Standfield ndi mwana wake John, James Brine, ndi James Hammett. Ambiri mwa iwo anali anthu a kachisi wa dothi uja. Hammett sanali wa Methodist, ndipo zinadzamveka patapita zaka kuti amene analipo pa tsiku la lumbiro anali mbale wake John, iye nkungovomera kusenza mlanduwo m'malo mwake.

Mlandu unazengedwa ku Dorchester mu Malichi 1834 pamaso pa woweruza John Williams. Mkulu wa gulu limene linavomereza kuti mlandu upite kubwalo anali William Ponsonby, mlamu wake wa Lord Melbourne, ndipo Frampton mwiniwake anali m'gululo. George Loveless anapereka mawu olembedwa onena kuti iwo sanapweteke munthu, sanawononge katundu kapena mbiri ya aliyense, koma anagwirizana kuti adzipulumutse okha, akazi awo ndi ana awo ku njala. Woweruza anawapatsa chilango chachikulu chimene lamulo linkalola, zaka 7 ku Australia, ndipo sanabise kuti cholinga chinali kuopseza ena. Asanu anatumizidwa ku New South Wales. George, amene anadwala ali m'ndende, anatumizidwa pambuyo pake ku Van Diemen's Land, chilumba chimene lero chimatchedwa Tasmania. Mabanja amene anatsala ku Tolpuddle atapempha thandizo la parishi, oweruza anawakaniza.

Pano ndi pamene mbiri ya mpingo ili ndi banga limene silifufutika. Akuluakulu a nthambi ya Wesleyan Methodist, motsogozedwa ndi maganizo a mbusa Jabez Bunting, ankafunitsitsa kuti boma liziwaona ngati anthu omvera, ndipo ankaletsa abusa kulowerera nkhani zotsutsa olamulira. M'chaka chomwecho cha 1834 anaimitsa pa udindo mbusa Joseph Rayner Stephens chifukwa cholimbikitsa kuti mpingo wa Anglican uleke kukhala wa boma. Alaliki awo a ku Tolpuddle atamangidwa unyolo, mpingo monga bungwe sunatsegule pakamwa. Amene anaimirira ndi mabungwe a antchito ndi aphungu ochepa a ku nyumba ya malamulo. Pa 21 Epulo 1834 anthu zikwizikwi anasonkhana ku Copenhagen Fields mu London nkuguba kukapereka dandaulo ku boma, ndipo komiti ya mu London inasonkhanitsa ndalama zodyetsera akazi ndi ana a omangidwawo. Mpingo umene unaphunzitsa amunawa kulankhula unakhala chete pa tsiku limene iwo ankafuna wowalankhulira.

Kukakamiza kunapitirira mpaka Lord John Russell, amene tsopano anali nduna yoona za m'dziko, anavomera kuti akhululukidwe kotheratu mu Malichi 1836. Uthengawo unachedwa kuwafika, ndipo George Loveless anaudziwa powerenga nyuzipepala. Anafika ku England mu Juni 1837 ndipo chaka chomwecho anatulutsa kabuku kotchedwa The Victims of Whiggery, kofotokoza mlandu wawo ndi nkhanza zimene akaidi ankakumana nazo. Ena anayi anafika mu 1838, Hammett mu 1839.

Kubwerera kwawo sikunadzutse mpingo wa m'mudzimo. Komiti ya ku London inawabwerekera minda ku Essex, cha ku Greensted, ndipo mabanjawo anasamukira kumeneko. Analowa m'gulu la Chartist, lomenyera ufulu woti mwamuna aliyense azivota, ndipo wansembe wa kumeneko anawadzudzula paguwa. Pakati pa 1844 ndi 1846 asanu mwa iwo anawoloka nyanja kukakhala ku Canada, m'chigawo cha Ontario, kufupi ndi tauni ya London ya kumeneko. Anagwirizana zosauza anthu za ukaidi wawo, koma chikhristu chawo sanachisiye. George Loveless anathandiza kumanga kachisi wa Methodist ku Siloam, ndipo anaikidwa kumanda a kumeneko atamwalira mu 1874. James anali wosamalira tchalitchi cha Methodist m'tauni ya London. Womaliza kumwalira anali James Brine, amene anakwatira mwana wamkazi wa Thomas Standfield. Anamwalira mu 1902.

Mpingo wa m'mudzi umaima pa mabanja ochepa, ndipo awiri kapena atatu akachoka, paguwa pamasowa munthu, m'mbale ya chopereka mumasowa kobiri. Kachisi wa dothi anasiya kupempheredwamo, ndipo anasanduka khola ndi mosungira zipangizo za kumunda. Anakhala choncho zaka zoposa 150. Komabe a Methodist sanatheretu m'mudzimo, ndipo mu 1862 anamanga kachisi watsopano pamalo ena m'mbali mwa msewu womwewo.

Mwa asanu ndi mmodzi aja, James Hammett yekha ndiye anabwerera kudzakhala ku Tolpuddle, nkumagwira ntchito ya zomangamanga. Anakhala ndi moyo mpaka kuona antchito a m'minda akuyambitsa bungwe la dziko lonse mu 1872, motsogozedwa ndi Joseph Arch wa ku Warwickshire, amenenso anali mlaliki wosalipidwa, wa nthambi ya Primitive Methodist. Nthambi imeneyi, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 pakati pa anthu osauka, inapereka atsogoleri ambiri ku mabungwe a okumba malasha ndi a m'minda, ndipo misonkhano yambiri ya mabungwewo inkatsegulidwa ndi pemphero ndi nyimbo monga za m'kachisi. Mu 1875 bungwe la Arch linalemekeza Hammett pomupatsa wotchi. Atakalamba ndi kuchita khungu analowa m'nyumba ya amphawi ku Dorchester kuti asalemetse abale ake, ndipo anamwalira mu 1891. Anaikidwa kumanda a tchalitchi cha parishi ku Tolpuddle.

Ulemu wochokera ku mpingo unabwera mochedwa. Mu 1912 kutsogolo kwa kachisi wa 1862 kunamangidwa chipata cha chikumbutso cholembedwa maina a amuna asanu ndi mmodzi aja. Anachitsegula ndi Arthur Henderson, mmodzi mwa atsogoleri a chipani cha Labour, yemwenso anali mlaliki wosalipidwa wa Wesleyan. Panali patapita zaka 78 kuchokera pa tsiku la chiweruzo. Mu 1932 nthambi zikuluzikulu za Methodist ku Britain, za Wesleyan, Primitive ndi United, zinaphatikizana kukhala mpingo umodzi, ndipo kachisi wa ku Tolpuddle analowa mu mpingo umenewo. Mu 1934, pokumbukira zaka 100, mgwirizano wa mabungwe a antchito wa Trades Union Congress unamanga nyumba zisanu ndi imodzi m'mudzimo zokhalamo antchito a m'minda opuma, iliyonse yotchedwa dzina la mmodzi wa amunawo, ndipo pamanda a Hammett anaikapo mwala wosemedwa ndi Eric Gill. Panyumba zimenezi pali tsopano malo osungirako zinthu zakale za mlanduwu. Mwezi wa Julayi chaka chilichonse anthu ochuluka amasonkhana ku Tolpuddle, kuguba ndi mbendera za mabungwe awo kudutsa pa mtengo waukulu wa pabwalo la mudzi pamene amati amunawo ankakumanapo, kuika nkhata pamanda a Hammett, ndipo a Methodist amachititsa mapemphero.

Kachisi wakale uja anatsala kunja kwa zikumbutso zonsezi kwa nthawi yaitali, makoma ake akung'ambika. Chimene chinamupulumutsa ndi chakuti alimi ankamugwiritsabe ntchito, choncho denga silinachoke, ndipo khoma la dothi limakhala zaka zambiri bola lisanyowe pamwamba ndi patsinde. Boma linadzamuika m'kaundula wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake. Mu 2015 bungwe la Tolpuddle Old Chapel Trust linagula nyumbayo, ndipo ndi thandizo la thumba la National Lottery Heritage Fund ndi opereka ena linakonza makoma ndi dothi la mtundu womwewo ndi kuwonjezera kachipinda kothandizira alendo. Ntchitoyo inatha mu 2023, ndipo nyumbayo tsopano imalandira alendo, ana asukulu ndi misonkhano ya anthu a m'mudzi.

Akachisi a Methodist a m'midzi ya England akhala akutsekedwa ambirimbiri m'zaka 60 zapitazi, chifukwa antchito a m'minda anachepa makina atachuluka, achinyamata anapita m'matauni, ndipo opemphera anakalamba. Ambiri anagulitsidwa nkusanduka nyumba zogonamo. Wa ku Tolpuddle wa 1862 akadali m'dera la Methodist la kummwera kwa Dorset, ndipo, monga mu 1818, mapemphero ambiri m'akachisi a m'midzi ya deralo amatsogoleredwa ndi alaliki osalipidwa otsata ndondomeko ya miyezi itatu.